Tabuleti m'kalasi ya ana zana: mafunso ndi mayankho

Nkhani ya zipangizo zamakono siikusowa pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi masiku ano. Ena akuti foni yaononga ana, ena akuti mwana wosadziwa kompyuta watsalira kale. Onsewo ali ndi mfundo, koma mkanganowu umatha bwino tikayang'ana zimene zachitika kale m'makalasi enieni, kuno kwathu ndi kumaiko ena. Mafunso otsatirawa ndi amene makolo, aphunzitsi ndi a komiti ya sukulu amafunsa kawirikawiri.

Tikamati zipangizo zamakono pa maphunziro, kodi tikunena makompyuta okha?

Ayi. Kompyuta ndi chimodzi chabe, ndipo ndi chimene ana ambiri kuno sanachigwirepo n'komwe. M'gululi muli tabuleti, foni ya m'manja, intaneti, wailesi yakanema, ngakhalenso wailesi wamba ija ya mabatire. Chofunika ndi kusiyanitsa ntchito zimene zipangizozi zimagwira, chifukwa anthu akamakangana, kawirikawiri wina amakhala akunena china, mnzake china.

Pali chipangizo chophunzitsa mwana mwachindunji, monga tabuleti imene mwana wa sitandade 2 amaphunzirirapo malembo. Pali chothandiza mphunzitsi, monga gulu la WhatsApp limene aphunzitsi a m'zoni imodzi amagawanirapo mapulani a phunziro ndi mafunso a mayeso akale. Ndiye pali chongoyendetsera ntchito za sukulu. Bungwe la MANEB tsopano limalembetsa olemba mayeso kudzera pa intaneti, ndipo kholo loyenera kulipira ndalama ya mayeso likhoza kutero pa foni kapena kubanki, m'malo moipereka pamanja kwa munthu. Phindu la ntchito yotereyi silivuta kuliona. Yovuta kuiweruza ndi yoyamba ija, yophunzitsa mwana, ndipo ndi imene tikhalitsepo.

Makolo athu adaphunzira ndi choko ndi bolodi basi, ndipo adakhoza. Vuto labwera liti?

Adakhozadi, koma adali ochepa. M'chaka cha 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Chidali chinthu chabwino, ndipo palibe kholo lanzeru lingafune kubwerera m'mbuyo. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizidachuluke pa liwiro lomwelo. Boma lidalemba aphunzitsi masauzande amene adali asanapite ku koleji ya uphunzitsi, ana ambiri n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Mpaka lero, ngakhale boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, m'masitandade oyambirira si zachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pansi, mapewa ogundana, kutsogolo kuli mphunzitsi mmodzi.

Taganizirani zimene zimachitika m'kalasi yotere. Mphunzitsi amatchula liwu, ana onse n'kubwereza mokweza. Phokoso limamveka ngati onse amva. Koma pakati pawo pali mwana amene akuwerenga kale ndime yathunthu, pali wina amene amasokoneza b ndi d, palinso wina amene wangotsegula pakamwa kutsatira anzake. Mphunzitsi sangathe kuyang'ana makope 100 tsiku lililonse, ndipo mwana amene watayika m'sitandade 1 amapita naye patsogolo ali wotayika. Akafika sitandade 5 osatha kuwerenga, phunziro lililonse limamulaka, chifukwa sayansi ndi masamu omwe zimadzera m'kuwerenga. Lipoti la Banki Yaikulu Padziko Lonse ndi mabungwe anzake la 2022 lidati kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, pafupifupi ana 9 mwa 10 alionse a zaka khumi satha kuwerenga ndi kumvetsa kankhani kosavuta.

Ana ali kusukulu, koma ambiri sakuphunzira. Chipangizo chilichonse chimene akutibweretsera tiyenera kuchifunsa ngati chikukhudza bala limeneli.

Nanga tabuleti imachita chiyani chimene mphunzitsi sangachite?

Imakhala ndi mwana mmodzi payekha, ndipo siitopa. Chitsanzo chodziwika bwino kuno ndi pulogalamu yopangidwa ndi bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion, imene bungwe la VSO lidayamba kuifikitsa m'sukulu zathu zaka zoposa khumi zapitazo. Mwana amavala mahedifoni, mawu a mphunzitsi wa m'tabuletimo n'kumamulankhula m'Chichewa: gwira apa, werenga mbuzi izi, lemba chilembo ichi ndi chala. Akakhoza, amauzidwa nthawi yomweyo n'kupita patsogolo. Akalakwa, amabwerezanso, popanda mnzake womuseka kapena mkwapulo woopa. Wofulumira amathamanga, wochedwa amayenda pang'onopang'ono, ndipo onse awiri amakhala akugwira ntchito pa msinkhu wawo.

Izi zidayesedwa. Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham adachita kafukufuku pa sukulu ina ya pulayimale mumzinda wa Lilongwe, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2015. Ana adagawidwa mwamaere. Ena adaphunzira masamu pa tabuleti kwa mphindi 30 patsiku kwa milungu isanu ndi itatu, ena adapitiriza m'kalasi mwa nthawi zonse, ndipo gulu lina lidapatsidwa tabuleti yopanda masamuwo pofuna kuona ngati chothandiza ndi kungogwira chipangizocho. Amene adachita masamu a pa tabuleti adaposa anzawo. Mu 2019, pulogalamu ya onebillion idapambana pamodzi ndi ina yotchedwa Kitkit School pa mpikisano wa Global Learning XPRIZE, umene udayesedwera m'midzi ya m'chigawo cha Tanga ku Tanzania.

Zimenezi n'zimene zidalimbitsa Unduna wa Zamaphunziro mtima woyambitsa ntchito ya BEFIT mu 2023, mothandizana ndi Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Idayambira m'sukulu 500, ndipo cholinga chake ndi kufikira sukulu zonse za pulayimale za boma, zimene zili pafupifupi 6,000, kwa ana a sitandade 1 mpaka 4. Ndi maiko ochepa mu Africa amene ayesapo ntchito yotere m'dziko lonse.

Ngati zili choncho, bwanji osangogula malaputopu n'kugawira mwana aliyense?

Ena adayesa kale, ndipo adataya ndalama zambiri. Mu 2005 Nicholas Negroponte wa ku MIT ku America adayambitsa ntchito ya One Laptop per Child, poganiza kuti mwana akangopatsidwa laputopu yotchipa, adziphunzitsa yekha. Dziko la Peru lidagula malaputopu oposa 800,000. Akatswiri a Inter-American Development Bank atafufuza m'sukulu zakumidzi zoposa 300, adapeza kuti ana adadziwadi kugwiritsa ntchito laputopu, koma pa masamu ndi chilankhulo sadasiyane ndi anzawo amene sadalandire. Ku Kenya, pa kampeni ya 2013, Uhuru Kenyatta adalonjeza laputopu kwa mwana aliyense woyamba sukulu. Mapeto ake kudabwera matabuleti, ndipo patapita zaka zochepa boma lidasintha maganizo n'kuyamba kunena zomanga zipinda za makompyuta.

Ku Delhi, ku India, zinthu zidayenda mosiyana. Ana a m'mabanja osauka ankapita akaweruka kusukulu kukaphunzira pa pulogalamu yotchedwa Mindspark, imene imayamba yayeza pamene mwana ali n'kumupatsa ntchito yolingana naye. Karthik Muralidharan ndi anzake adapeza kuti m'miyezi inayi ndi theka yokha anawo adakwera kwambiri pa masamu ndi Chihindi.

Kusiyana kwa Peru ndi Delhi sikuli pa kukongola kwa chipangizo. Ku Peru adagawa makina n'kuyembekeza kuti maphunziro atsatira okha. Ku Delhi, monganso ku Lilongwe kuja, mudali phunziro lokonzedwa bwino m'kati mwa makinawo, nthawi yoikika yolichitira, ndi munthu wamkulu woyang'anira. Munthu wandale akamalonjeza pamsonkhano kuti agawa makompyuta, funso lomufunsa ndi lakuti m'makompyutamo mukhala chiyani, ndipo adzaphunzitsa ndani.

Ine ndine mphunzitsi. Kodi ntchito yanga ili pangozi?

Aphunzitsi, musade nkhawa ndi zimenezo. M'dziko limene aphunzitsi ndi operewera chonchi, palibe nzeru yochotsa ngakhale mmodzi. Komanso tabuleti imachita kagawo kakang'ono ka ntchito yanu. Imatha kubwerezetsa mwana malembo ndi manambala mpaka atagwira. Siingaone kuti mtsikana uja wakhala chete sabata yonse chifukwa kunyumba kwavuta. Siingadziwe kuti mnyamata uja akuwodzera chifukwa wabwera osadya, kapena kuti wina sakuona bwino pa bolodi. Siingatsogolere ana kukambirana nkhani, kutsutsana mwaulemu, kuyimba, kulima dimba la sukulu, kapena kupita kwa mfumu kukadandaula za mwana amene akufuna kumukwatitsa.

Nkhawa yoyenera kuinena mokweza ndi ina. Matabuleti akabwera, amabwera ndi ntchito: kuwatulutsa, kuwagawa, kuwawerenga pobweza, kuwatchaja, kuwatsekera. Ngati zonsezi zingounjikidwa pa mphunzitsi amene ali kale ndi ana 100, nyumba yodontha ndi malipiro osafika pakati pa mwezi, tisadabwe tikapeza matabuletiwo akugona m'kabati ya a hedi. Ndiponso mphunzitsi amene sadaphunzitsidwe bwino amachita manyazi kuoneka wosadziwa pamaso pa ana, ndiye amangozipewa. Maphunziro a tsiku limodzi ku TDC sakwanira. Pamafunika kuti alangizi a m'zoni azibwera kudzaona, kuti makoleji a uphunzitsi aziphunzitsa zimenezi asanatulutse aphunzitsi atsopano, komanso kuti mphunzitsi aziuzidwa zimene tabuleti yapeza za ana ake. Makinawo amasunga mbiri ya pamene mwana aliyense akuvutika. Mbiri imeneyo ikangopita ku likulu osadutsa m'manja mwa mphunzitsi wa kalasiyo, ndiye kuti taphonya phindu lalikulu.

Kwathu kulibe magetsi, netiweki ndi yokwera pachulu. Zimenezi zitikhudza bwanji?

Kalembera wa 2018 adapeza kuti ndi nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chidali chotsika kwambiri. Chiyambire nthawi imeneyo masola afala, koma sukulu zambiri zikadali kutali ndi mapolo a ESCOM. Choncho ntchito iliyonse yodalira intaneti ndi magetsi a tsiku lonse ndi ya ana a m'tauni okha, ngakhale ilembedwe mokoma bwanji pa pepala.

Matabuleti a BEFIT adakonzedwa poganizira zimenezi. Maphunziro onse ali kale m'kati, safuna bandulo, ndipo amatchajidwa ndi sola imene imaikidwa pasukulu. Ana amasinthana: gulu lina likamaliza, lina limalandira, motero tabuleti imodzi imatumikira ana angapo patsiku.

Chondidetsa nkhawa ine si tsiku lolandira ayi, koma chaka chachitatu ndi chachinayi. Batire imafooka, galasi limasweka, mahedifoni amaduka, fumbi la mwezi wa Okutobala limalowa paliponse, ndipo sola imakopa akuba. Tonse tikuidziwa mijigo ija imene idatsegulidwa ndi magule ndi nthungululu, lero yangoti njo, chifukwa palibe adakonzeratu ndalama yogulira labala ikatha. Matabuleti akhoza kutsata njira yomweyo. Gawo lalikulu la ndalama zoyambira ntchito zoterezi limachokera kwa abwenzi akunja, ndipo zaka zapitazi taona thandizo lakunja likudulidwa mwadzidzidzi. Ngati ndalama yokonzera ndi yogulira zatsopano siilowa m'bajeti ya boma, ndipo ngati m'boma lililonse mulibe amisiri odziwa kukonza, ntchitoyi idzatha mwakachetechete.

Nthawi ya Covid-19 sukulu zidatsekedwa. Kodi zipangizozi zidathandiza?

Zidathandiza ochepa, ndipo zidaonetsa poyera mpata umene ulipo pakati pa ana athu. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020, n'kuyamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala. Ana a m'sukulu zina zolipira m'mizinda adapitiriza maphunziro pa Zoom ndi WhatsApp. Boma lidaika maphunziro a sekondale pa intaneti, koma kuti uwapeze udafunika foni yamakono, netiweki ndi potchajira. Kwa ana a pulayimale, chimene chidafika kutali ndi wailesi. Izi sizidali zachilendo, chifukwa ambiri akukumbukira pulogalamu ya Tikwere imene inkaulutsidwa pa MBC, mphunzitsi n'kumatsogolera ana m'kalasi potsatira mawu a pa wailesi. Komabe ngakhale wailesiyo, m'nyumba zambiri ndi ya bambo, ndipo mabatire amasungidwira nkhani ndi mpira.

M'miyezi imeneyo atsikana masauzande adatenga mimba kapena kukwatiwa, ambiri osabwereranso m'kalasi. Palibe pulogalamu ya pa foni imene ikadaletsa zimenezi. Sukulu ndi malo amene mwana amaonedwa ndi anthu akuluakulu tsiku ndi tsiku, amalandira phala, amakhala ndi anzake.

Komabe kutsekedwa kwa sukulu sikudathere pa Covid-19. Mu Januwale 2023 kolera adachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adatseketsa sukulu m'chigawo cha kum'mwera, zina n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Zoterezi zidzachitikanso. Maphunziro a pa wailesi ojambuliratu, m'zilankhulo zingapo, ayenera kukhala okonzeka nthawi zonse, osati kuyamba kuwathamangira madzi atafika m'khosi.

Zambiri za pa intaneti zili m'Chingerezi. Mwana wa kumudzi apindula bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mwana amaphunzira kuwerenga msanga m'chilankhulo chimene amalankhula, chifukwa akagwirizanitsa malembo n'kutulutsa liwu, amalizindikira nthawi yomweyo. Matabuleti aja akadakhala olankhula Chingerezi cha ku London, zotsatira zake sizikadakhala zomwezo. Mphamvu yawo ili pakuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amamva zimene akuuzidwa.

Koma Malawi si wa Chichewa chokha. Mwana wa ku Rumphi, wa ku Mangochi, wa ku Nsanje kapena wa ku Karonga amafika kusukulu ndi Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Kyangonde. Kusindikiza mabuku m'zilankhulo zonsezi n'kokwera mtengo, koma kujambula mawu n'kuwaika m'tabuleti n'kotheka. Ngati pali chinthu chimene zipangizo zamakono zingatichitire mwachilungamo, n'chimenechi, ndipo ndi chimene tiyenera kuchikakamira.

Kwa ana okulirapo, vuto ndi kuchepa kwa zowerenga. Chichewa chidalowa mu Google Translate mu 2014, ndipo chimathandiza pang'ono, koma aliyense amene adayesapo akudziwa kuti nthawi zina chimatulutsa ziganizo zimene palibe Mchewa angalankhule. Nkhani za sayansi, zaulimi ndi mbiri ya dziko lathu zolembedwa bwino m'zilankhulo zathu n'zochepa kwambiri pa intaneti. Palibe mlendo adzatilembere. Ndi ntchito ya aphunzitsi, olemba mabuku, a Malawi Institute of Education ku Domasi ndi a Centre for Language Studies ku Zomba.

Ndiye kuti mabuku atha ntchito?

Kutalitali. Dziko la Sweden, limene lidathamangira kuika zipangizo m'makalasi a ana aang'ono, mu 2023 lidayamba kubwezeretsa mabuku osindikiza ndi kulemba pamanja. Buku silifuna kutchaja, ndipo silitumiza uthenga wosokoneza mwana ali pakati pa ndime.

William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2002 chifukwa chosowa fizi. Makina ake opanga magetsi ndi mphepo adawapanga poona zithunzi za m'buku lotchedwa Using Energy, limene adabwereka m'kalaibulale kakang'ono pa sukulu ya pulayimale ya kwawo. Intaneti adadzaiona koyamba mu 2007 ku Arusha, makinawo akuzungulira kale. Sukulu imene ili ndi ndalama zochepa, n'kumasankha pakati pa kompyuta imodzi ya mu ofesi ndi shelefu ya mabuku amene ana angapite nawo kunyumba, isachite manyazi kusankha mabuku.

Mwana wanga ali fomu 3 ndipo akulirira foni, akuti ndi ya sukulu. Ndimugulire?

Sakunama kwenikweni. Pa foni angapeze mapepala a mayeso akale, mavidiyo a pa YouTube oonetsa zoyeserera za sayansi zimene sukulu yake yopanda labu singathe kumuonetsa, ndi gulu la anzake lothandizana masamu. Kwa mwana wa ku CDSS kumene buku limodzi amalimbirana ana khumi, zimenezi si zazing'ono.

Koma foni yomweyo ili ndi TikTok, Facebook, kubetcha pa mpira, zithunzi zolaula, ndi anthu akuluakulu osaka ana. Mapulogalamu amenewa adapangidwa ndi akatswiri kuti munthu asawasiye, ndipo mwana wa zaka 16 sangalimbane nawo yekha. Lipoti la UNESCO la 2023 lokhudza zipangizo zamakono m'maphunziro lidachenjeza kuti foni ikangokhala pafupi imasokoneza chidwi cha wophunzira, ndipo maiko ambiri tsopano akuletsa mafoni m'kalasi. Sukulu zathu zambiri zogonera konko zidaletsa kale, ndipo kholo lisathandize mwana kuzembetsa foni m'chikwama.

Palinso nkhani ya mayeso. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa mapepala atabedwa n'kufalikira pa mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, adalembanso chaka chotsatira. Nyengo ya mayeso ikafika, pamatuluka akathyali olonjeza mapepala pa WhatsApp, n'kumauza ana kuti atumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Mwana wanu muuzeni zimenezi asanakumane nazo.

Langizo langa ndi ili. Ngati mungakwanitse, foniyo ikhale ya pabanja, yobwereka nthawi yodziwika, pamalo oonekera, ndipo usiku izigona kuchipinda kwa makolo. Muzimufunsa kuti akuonetseni zimene waphunzira lero, ngakhale inuyo sukulu simudapite nayo patali. Mwana amene akudziwa kuti afunsidwa amasamala. Ndipo adziwe kuti wina akamamuopseza kapena kumupempha zithunzi, akhoza kukuuzani popanda kukalipiridwa, kapena kuimba ulere pa nambala yothandiza ana ya 116.

Nanga za AI zikumvekazi, zoti makina amalembera mwana nkhani yonse?

N'zoona. Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, wophunzira akhoza kulemba funso n'kulandira nkhani yathunthu m'kanthawi kochepa. Aphunzitsi a m'mayunivesite athu akulimbana nazo kale. Choopsa chachikulu si kubera kokha. Kulemba nkhani ndi njira imene munthu amaphunzirira kuganiza: kusanja mfundo, kupeza pamene zikutsutsana, kusankha chofunika. Wopatsa makina ntchito imeneyo amalandira malikisi, koma mutu wake umatsala pomwe udali, ndipo m'chipinda cha mayeso a MANEB mulibe foni.

Makinawa amalakwitsanso molimba mtima. Amatha kupeka dzina la buku kapena chaka, makamaka pa nkhani za Malawi zimene zolembedwa zake n'zochepa. Amene amapindula nawo ndi amene akudziwa kale mokwanira kuti azindikire bodza. Wophunzira akawagwiritsa ntchito kuti amufotokozere mwa njira ina mfundo imene sadaimve m'kalasi, kapena kuti amufunse mafunso oyeserera, apo ndiye athandiza. Mphunzitsi naye akhoza kusintha kafunsidwe: ntchito yolembera m'kalasi, kufotokoza pakamwa, mafunso okhudza mudzi wa mwanayo amene makina sangawadziwe.

Kodi ana olumala ndi anthu akuluakulu ali ndi gawo pa zimenezi?

Ali nalo, ndipo mwina ndi amene angapindule koposa. Wosaona akhoza kumvetsera foni kapena kompyuta ikumuwerengera buku limene silinasindikizidwepo m'zilembo za Braille. Woona movutikira, monga ana ambiri achialubino, akhoza kukulitsa malembo mpaka awaone bwino. Aphunzitsi ophunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, amene amasamalira ana otere, ndi oyenera kukhala oyamba kulandira zipangizozi, osati omaliza.

Kwa akuluakulu, maphunziro a patali si achilendo. Makolo ambiri adapeza JC ndi MSCE kudzera m'makalata a Malawi Correspondence College, imene lero ndi Malawi College of Distance Education. Tsopano Mzuzu University, LUANAR ndi Domasi College of Education ali ndi maphunziro a patali amene gawo lina limadzera pa intaneti, moti mphunzitsi wa ku Chitipa kapena mlangizi wa zaulimi ku Ntchisi akhoza kuonjezera maphunziro osasiya ntchito. Chowalepheretsa chachikulu ndi mtengo wa bandulo ndi netiweki yodukaduka.

Pa atsikana pafunika diso. M'banja mukakhala foni imodzi, kawirikawiri amaigwira ndi mnyamata, mtsikana ali kumjigo kapena pamoto. Ubwino wa tabuleti ya pasukulu ndi wakuti nthawi imagawidwa mofanana, dzina ndi dzina.

Bungwe lina labwera kusukulu kwathu kuti likufuna kutipatsa zipangizo. Ife a komiti tifunse chiyani?

Landirani alendowo mwaulemu, koma musaope kufunsa, chifukwa ana ndi anu. Choyamba afotokoze kuti zipangizozo ziphunzitsa chiyani, kwa ana a sitandade iti, m'chilankhulo chanji, ndipo ngati zikugwirizana ndi silabasi ya Unduna. Afunseni kumene zidayesedwapo, ndi chimene chidasintha pa kuwerenga ndi masamu a ana, osati chiwerengero cha zipangizo zimene adagawa. Onani pa ndandanda wa maphunziro: nthawi ya tabuleti ilowa m'malo mwa phunziro liti? Mphindi zimenezo zimachotsedwa penapake.

Kenako bwerani ku za ndalama, ndipo apa musafulumire. Chikaonongeka akonza ndani, ali kuti, ndipo alipira ndani? Mlonda wa usiku alipidwa ndi ndani? Ngati yankho ndi lakuti makolo azisonkha, zinenedwe poyera pamsonkhano, mafumu ali pomwepo, kuti mwana asadzabwezedwe kunyumba chifukwa cha ndalama ya sola. Funsaninso za maina, zithunzi ndi zotsatira za ana zimene makinawo amasunga: zimapita kuti, ndipo amaziona ndani? Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo ana nawo limawateteza.

Pomaliza, pemphani kuti zonse zilembedwe, ofesi ya zamaphunziro ya paboma isainire, ndipo kope limodzi likhale ndi komiti. Mugwirizanenso tsiku, chaka chikatha, loti a komiti, a gulu la amayi ndi aphunzitsi mudzakhale pansi ndi ana angapo a sitandade 2 osankhidwa mwamaere, n'kuwapatsa buku kuti awerenge inu mukumva.